Tsiku Limene Zaida Anayatsa Sharutu

1. Luso la a Julião

Zaida anali ndi zaka khumi, zisanu ndi chimodzi chaka chimene mawu a bambo ake anayamba kusasa. Kwawo kunali ku Zóbuè, m'munsi mwa phiri, pafupi ndi malire. Anali m'kalasi yachikhumi, ndipo aphunzitsi ankamutchula pakati pa ana ochepa amene akanapitiriza sikola ku Tete.

Bambo ake, a Julião, ankalima fodya ngati anzawo onse a m'deralo. Koma anali ndi luso lina limene anzawowo analibe. Ali mnyamata anatumizidwa ku Cuba kukaphunzira, pamodzi ndi ana ena ambiri a ku Mozambique. Kumeneko mayi wina wokalamba anawaphunzitsa kupichira sharutu, ndudu yaikulu ija ya masamba okhaokha, yopanda pepala.

Atabwerera kwawo lusolo linagona zaka zambiri. Ku Zóbuè munthu ankapichira fodya wake m'khoko la chimanga n'kukhutira. Linadzuka pamene migodi ya malasha inakula ku Moatize. Kunadzaza alendo a maiko akutali, ndipo ena mwa iwo ankafuna sharutu akatha kudya. Dona Leopoldina, mwini nyumba ina ya alendo m'tauniyo, anamva za a Julião. Kuyambira pamenepo mwezi uliwonse bokosi limodzi linkatsika phiri kupita kwa iwo.

Fodya wa sharutu sankasakanizidwa ndi wa m'chigafa. A Julião ankamulima padera, pakamunda ka mthunzi kumtsinje. Masamba akauma ankawaunjika m'chipinda, n'kuwafunditsa ziguduli kuti atenthe okha, n'kumawatembenuza miyezi ingapo mpaka ukali utatha.

Zaida anayamba kukhala pathabwa lopichirira ali ndi zaka khumi ndi ziwiri. Anaphunzira kuti sharutu ili ndi masamba a mitundu itatu. Pali a m'kati, amene amapereka kukoma. Pali tsamba lomanga, lolimba ngati lamba. Ndiye pali tsamba lakunja, losalala, lopanda chiboo ngakhale chimodzi, limene amalikulunga mopendekera n'kulimata kumutu ndi kadontho ka phala la chinangwa.

"Ukathinitsa, utsi sudutsa," bambo ake ankatero. "Ukalekerera, moto umathamanga ngati walowa m'tchire louma. Zala zako zizimva zokha."

Bokosi likadzaza, a Julião ankatengamo sharutu imodzi, n'kukakhala pakhonde, n'kuiyatsa. Ankasuta atatsinzina, ali chete, pafupifupi ola lathunthu. Akakhutira, bokosi linkapita. Akapanda kukhutira, ankamasula zonse. Pa ntchito yonseyo, iyi yokha ndi imene Zaida sankaloledwa kuiyandikira.

2. Chenjezo

Matenda anayamba ngati kachilonda kumapeto kwa lilime. Kachilondako sikanapole. Kenako kumeza kunavuta, mawu n'kusasa. Dotolo wa ku Tete atawayeza ananena kuti ndi khansa, ndipo anafunika kupita kuchipatala chachikulu ku Beira msanga. Anawaletsanso fodya. Koma ngakhale akanapanda kuwaletsa, a Julião anali atasiya kale kumva kukoma kwa chinthu chilichonse, ngakhale mchere.

Bokosi la mwezi wa Okutobala analipichira Zaida yekha, akaweruka ku sikola. Bambo ake ankangotenga sharutu iliyonse, n'kuidina ndi zala kuchokera kumutu mpaka kumapazi, n'kuigubuduza pafupi ndi khutu. Panalibe anailawa.

Loweruka m'mawa, tsiku lokapereka bokosi, amayi ake, a Alda, sakanatha kuwasiya okha odwalawo. Zaida anayenera kupita yekha. Atavala nsapato, bambo ake anamuitana pakhonde.

"Khala pansi, Zaida," anatero, mawu akutuluka mokanda. "Mawu anga atsala ochepa, ndiye ndilankhule pamene ndikadali nawo.

"Ndakuphunzitsa kusankha tsamba. Ndakuphunzitsa kulimanga. Chimodzi chokha sindinakuphunzitse, ndipo si kuti ndinaiwala. Usadzaike sharutu pakamwa pako. Usadzanene kuti ndingolawa. Ine sindinayambe ndi kusuta, ndinayamba ndi kulawa. Ndinkati ndi ntchito. Ndinkaseka anzanga osuta ndudu za m'sitolo, ndimvekere inu mumameza utsi, ine ndimangouyendetsa m'kamwa n'kuutulutsa. Lero taona pamene utsi uja unkayenda.

"Fodya woipa saopsa, mwanangu, chifukwa amakuthamangitsa yekha. Woopsa ndi wokomayu. Sakanda kukhosi. Amabwera ndi fungo labwino, amayaka mwaulemu, ngati mlendo wodziwa mwambo. Chitseko umamutsegulira wekha. Akalowa ndi pamene umaona kuti wabwera ndi mphasa yake.

"Dzulo amayi ako anandiphikira nkhwani wotendera, ndiwo imene ndaikonda chibadwire. Ndinadya ngati ndikutafuna chiguduli chonyowa. Ndinawauza kuti wakoma, kuti asalire. Lilime limene alendo a ku Moatize ankaliyamikira lafa mwini wake ndikadali moyo.

"Iwe uli ndi mutu wa sikola. Manja ako ndawabwereka chifukwa ndasowa pogwira, ndipo Mulungu andikhululukire. Koma pakamwa pako ayi. Dona akakufunsa amene walawa, uwauze zoona, kuti palibe. Akakana bokosi, bwera nalo. Wamva?"

"Ndamva, Ababa."

Anatsokomola kwa nthawi yaitali, kenako anamukodola ndi dzanja kuti azipita.

Amayi ake anamuperekeza mpaka kumsewu. Akudikira shapa, minibasi ya ku Moatize, anamunong'oneza.

"Galimoto ya Dona imapita ku Beira kukatenga nsomba ndi katundu wa m'khitchini. Ukawapemphe malo a bambo ako. M'shapa sangafike, ulendowo ndi wa tsiku lathunthu. Iwo akukana kupempha, akuti ndi manyazi. Ukapemphe ndiwe. Uyambe waona kuti akondwa ndi bokosi."

3. Ku Moatize

Ku Zóbuè kunali kamphepo, koma shapa itatsika mapiri kutentha kunawalandira ngati ng'anjo. Atadutsa Kambulatsitsi anayamba kukumana ndi malole a malasha. Fumbi lakuda linkalowa pawindo n'kumata pankhope. Zaida anafungatira bokosi pamiyendo, atalikulunga m'chitenje chonyowa pang'ono kuti masamba asaume.

Anapeza Dona Leopoldina ali kuseri kwa nyumba yawo ya alendo, pansi pa mtengo wa mango, akukalipira ophika m'Chinyungwe. Anali mayi wamkulu thupi, wa mawu aakulu, koma sanali woipa mtima. Atamuona Zaida anasintha chilankhulo.

"Mwana wa Julião! Wabwera wekha? Bambo ako ali bwanji?"

"Sali bwino, Dona."

"Ndamva. Khala apa, umwe madzi."

Anatsegula bokosi. Sharutu zinali zitagona mizere, zonse za msinkhu umodzi, zofiirira ngati khofi wothira mkaka pang'ono. Dona anatenga imodzi, naiyang'ana padzuwa, nainunkhiza.

"Zokongola. Wapichira ndani?"

"Ine."

"Walawa ndani?"

Zaida anayang'ana pansi. "Palibe."

Dona anabwezera sharutu ija m'bokosi pang'onopang'ono.

"Mwanangu, ndikuuze zoona. M'bokosi la mwezi watha, ziwiri zinayaka mbali imodzi, ina inazima katatu. Mlendo wina anandibweretsera pambale, pamaso pa anthu. Ndinadziwa kuti Julião sakulawanso, ndipo sindinanene kanthu. Koma Lolemba kukubwera akuluakulu a ku mgodi. Ine sindisuta, sindidziwa kusiyanitsa. Alonda angawa ukawapatsa ndowe youma angasute n'kunena kuti yakoma. Chinthu chimene palibe wachilawa sindingachiike patebulo. Bwerera nalo. Julião akachira tidzayambiranso."

Anatseka bokosi n'kulikankhira kwa iye.

Zaida sanalitole. Bambo ake anali atanena kuti abwere nalo. Koma akanayamba bwanji kupempha galimoto kwa munthu amene wangokana katundu wawo? Ndipo mawu akuti akachira anamulasa, chifukwa bambo ake sakanachira atakhala pakhonde ku Zóbuè.

"Ndipatseni machesi, Dona," anatero.

Dona anamuyang'anitsitsa. "Unasutapo?"

"Ayi. Koma ndaona mmene amachitira."

"Bambo ako akudziwa?"

Zaida anangotambasula dzanja.

"Ine sindikukukakamiza, wamva? Usadzanene kuti Leopoldina anandikakamiza."

"Sindidzanena."

Dona anapuma mpweya wautali, kenako anaitanitsa machesi ndi mpeni kukhitchini.

4. Moto ndi phulusa

Zaida anasankha sharutu ya pakati pa mzere. Anadula kachipewa kakumutu. Anayatsa machesi, nadikira kuti fungo la mankhwala lithe, nayamba kuwamba kumapazi kwa sharutuyo akuitembenuza, moto osaukhudzitsa, monga ankaonera pakhonde kwawo. M'mphepete monse mutada mofanana, anaiika pakamwa n'kukoka.

Anatsamwa. Misozi inatuluka, chifuwa chinatentha. Ophika anaseka pakhomo la khitchini, Dona n'kuwathamangitsa.

Anakokanso, pang'ono, osameza. Utsi unadutsa bwino, osalimba, osapepuka. Anausunga m'kamwa, kenako anautulutsa.

"Nanga?" anafunsa Dona.

"Poyamba pali tsabola. Akuluma pang'ono kunsonga kwa lilime." Anadikira, nakokanso. "Tsabola uja akuchepa. Tsopano ndi mtedza wokazinga, uja wapsa pang'ono mbali imodzi."

Dona anakoka mpando n'kukhala.

Moto unkayenda mozungulira mofanana, kamzere kopyapyala kakuda ngati kojambula ndi pensulo. Phulusa linali lotuwa moyera, lolimba, ndipo linatalika mpaka kupitirira mfundo imodzi ya chala osagwa. Zaida anaiimika kuti Dona aone.

"Ikanakhala kuti ndinathinitsa mbali imodzi, bwenzi pano moto utapendekera. Onani, uli bwino."

Atafika pakati, kukoma kunasintha. Zaida anatsinzina osadziwa kuti watsinzina.

"Dothi," anatero motsitsa. "Dothi la kumtsinje kwathu mvula yoyamba ikagwa. Ndipo pansi pake pali uchi. Osati wa m'botolo. Uja wa m'ming'oma ya m'phiri, wowawira pang'ono kumapeto."

Dona anawomba m'manja kamodzi. "Julião weniweni! Ngakhale kakhalidwe! Mwana iwe, lilime limeneli anthu amalifuna zaka makumi awiri osalipeza."

Zaida anafuna kuyankha, koma mtengo wa mango unayamba kuzungulira. Thukuta lozizira linatsika pamsana. Anasiya sharutu pambale, nathamangira kuseri kwa khitchini, nasanza zonse zimene anadya m'mawa.

Dona anamubweretsera madzi a shuga n'kumukhazika pamthunzi mpaka chizungulire chitatha. Kenako anatenga bokosi n'kulilowetsa m'nyumba.

Pamenepo Zaida anapempha za galimoto. Sanathe n'komwe kufotokoza.

"Za zimenezo ukanayamba n'kunena!" anatero Dona. "Galimoto ipita ku Beira Loweruka likubwerali. Idzayamba yakwera ku Zóbuè kukawatenga, iwo ndi amayi ako. Ngakhale bokosi ndikanalikana, Julião ndikanamunyamula. Umandiyesa munthu wotani?"

Zaida anayang'ana theka la sharutu pambale paja. M'kamwa mwake munali mukadali utsi.

"Koma pali china," Dona anapitiriza. "Tisanamizane, Julião sadzakhalanso pathabwa. Amayi ako adzakhala miyezi ku Beira. Kwanu kudzatsala ndani wolima? Bwera ukhale kuno. Ndidzakuikira tebulo pabwalo pano, uzipichira alendo akuona, uzilawa bokosi lililonse. Chipinda chilipo, chakudya chilipo, ndipo makolo ako sadzasowa kanthu kuchipatala. Ukakana sindikwiya, koma ndidzayamba kuitanitsa zakunja, chifukwa alendo sadikira."

"Mayeso akuyamba mwezi wamawa, Dona."

"Ndikudziwa. Sindinganene kuti n'zopepuka. Galimoto ikadzabwera Loweruka, ngati wavomera, ukwere ndi katundu wako. Idzakutsitsa pano."

5. Pakhonde

Pobwerera, shapa itaima pa Kambulatsitsi, Zaida anagula malalanje awiri. Anadya onse, natafuna ndi makoko omwe. Anapaka makokowo m'manja ndi m'khosi. Atatsika ku Zóbuè anapatukira pamjigo n'kusamba kumaso, nachukucha m'kamwa kangapo.

Dzuwa linali litapendeka pamene anafika pakhomo. Bambo ake anali pakhonde pomwe anawasiya, atafunda bulangeti ngakhale kunali kotentha. Amayi ake anatuluka m'khitchini akupukuta manja.

Zaida anagwada chapatali.

"Bokosi alandira. Galimoto ibwera Loweruka kudzakutengani, inu ndi Amayi."

A Alda anakweza manja kumwamba. "Ambuye alemekezeke!"

A Julião sanasangalale. Anayang'ana mwana wawo, nayang'ana mpata umene anasiya pakati pawo.

"Sendera," ananong'ona.

Zaida anasendera pang'ono.

"Sendera."

Anamugwira dzanja lamanja, nalikweza, nanunkhiza pakati pa chala cholozera ndi chapakati. Lilime lawo linali litafa, koma mphuno ya munthu amene wakhala ndi fodya zaka makumi atatu inali ikadali moyo. Kenako anaweramira kumutu kwake n'kununkhiza tsitsi.

Anasiya dzanja lija.

A Alda anazindikira. "Zaida! Wachita chiyani? Bambo ako anakuuza chiyani m'mawa uno? Sukuona mmene alili? Ukufuna ndidzanyamule awiri?"

A Julião anakweza dzanja, mkazi wawo n'kukhala chete. Zaida anadikira kukalipiridwa. Kwa iye kukanakhala bwino bambo akewo akanangomumenya.

"Phulusa," ananong'ona bambo ake, osamuyang'ana. "Linali lotani?"

"Loyera, Ababa. Linagwira."

"Moto?"

"Unayenda mofanana."

"Pakati?"

Zaida anayamba kulira. "Dothi la kumtsinje. Ndi uchi."

A Julião anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Misozi inatsika m'masaya awo ogwa, osaipukuta.

"Uchi," anatero. "Zaka zisanu ndakhala ndikuufuna m'tsamba limenelo. Wautulutsa ndiwe." Anameza movutika. "Ndipo wakoma. Usandinamize."

Zaida anavomera ndi mutu.

Bambo ake anavula bulangeti n'kuimirira, atagwira mzati. Anatsika pakhonde osavala nsapato, nalunjika njira ya kumtsinje. Munthu amene kwa milungu iwiri sankafika ngakhale kumsewu anayenda osapuma. Mkazi wawo ndi mwana wawo ankawatsatira akuwachonderera.

Kumtsinje kunali nazale ya fodya wa sharutu. Mbande zinali zitafika kale theka la chikhatho, zobiriwira, zodikira mvula. A Julião anagwada m'matope n'kuyamba kuzizula ndi manja awiri, akuziponya m'madzi.

"Ababa, siyani! Ndi mbewu yanu yokhayo!"

Sanamve. Anazula mzere woyamba, nayamba wachiwiri. Pakati pa mzerewo chifuwa chinawagwira. Anatsokomola mpaka magazi anaoneka padothi, kenako anagwa chammbali.

Zaida ndi amayi ake anawanyamula, wina kumapewa wina kumiyendo. Anali opepuka ngati mtolo wa mapesi. Anawagoneka pamphasa, nawapukuta matope kumaso. Patapita nthawi kupuma kwawo kunakhazikika, ndipo anagona.

A Alda anakhala pansi pakhomo, atatopa ngakhale kukalipa.

"Dona ananenanso china?" anafunsa.

Zaida anayang'ana bambo ake, nayang'ana zala zawo zodzaza matope.

"Ayi, Amayi. Palibe."

Limeneli linali bodza loyamba limene Zaida anauza amayi ake, ndipo chimenechi sichinali chinsinsi chokhacho chimene anabwera nacho kuchokera ku Moatize. Pochoka kwa Dona, ataona kuti palibe akumuyang'ana, anatola pambale theka la sharutu lija, nalikulunga m'pepala, nalibisa m'thumba la siketi. Panalibe anamupatsa, panalibe anamutuma. Ankafuna kudziwa mmene kumapeto kwake kumakomera.

Analowa kuchipinda kwake, natulutsa theka lija m'thumba n'kuliika pansi pa mabuku a mayeso. Kunali kutatsala masiku asanu ndi awiri kuti galimoto ya Dona Leopoldina iime pakhomo pawo.